Kamvekedwe ka mawu m'nyumba yokumaniranamo ya cohousing

Kamvekedwe ka mawu m'nyumba yokumaniranamo ya cohousing ndi mbali ya luso la zomangamanga yoona mmene chipinda chodyera ndi chochitiramo misonkhano chingamangidwire kuti anthu ambiri akhalemo pamodzi koma azimvana polankhula. Cohousing ndi kakhalidwe kamene mabanja angapo amagwirizana kumanga kamudzi kawo. Banja lililonse limakhala ndi nyumba yake ndi khitchini yake, koma pakati pa kamudziko pamakhala nyumba yaikulu ya onse, momwe amaphikira ndi kudyera limodzi kangapo pa sabata.

Chiyambi

Kakhalidweka kanayamba ku Denmark, komwe amakatcha bofællesskab. Mudzi wa Sættedammen, pafupi ndi tauni ya Hillerød, unatsegulidwa mu 1972 ndi mabanja 27, ndipo umawerengedwa pakati pa midzi yoyambirira ya mtunduwu. Akatswiri awiri a ku America ojambula mapulani a nyumba, Kathryn McCamant ndi Charles Durrett, atakaphunzira za midziyi ku Denmark analemba buku mu 1988 lomwe linafalitsa dzina lakuti cohousing. Mudzi woyamba kumangidwa motere ku United States unali Muir Commons, mumzinda wa Davis ku California, mu 1991.

M'midzi yonseyi chakudya cha pamodzi ndicho chimamanga anthu. N'chifukwa chake phokoso la m'chipinda chodyera si nkhani yaing'ono. Chipinda chikakhala chosokosera, oyamba kusiya kubwera ndi okalamba ndi amene amavutika kumva, pakuti zipangizo zothandiza kumva zimakweza mawu a mnzako pamodzi ndi kulira kwa mbale ndi mipando. Vutoli limakula m'midzi ya anthu achikulire, monga New Ground ku High Barnet mu London, yomwe inatsegulidwa mu 2016 kuti muzikhala amayi a zaka 50 kupita m'tsogolo.

Chifukwa chake chipinda chimasokosera

Mawu akatuluka m'kamwa amayenda mumpweya pa liwiro la mamita pafupifupi 343 pa sekondi imodzi. Akagunda khoma la simenti, galasi kapena matailosi, pafupifupi onse amabwerera m'chipinda n'kukagundanso khoma lina. Motero liwu limene munthu watchula limakhala likumvekabe pamene akutchula lotsatira, ndipo mawuwo amalowana.

Amene anayamba kuyeza zimenezi ndi Wallace Clement Sabine, mphunzitsi wa fizikisi pa yunivesite ya Harvard. Mu 1895 anapatsidwa ntchito yokonza holo yophunzitsiramo ya Fogg Art Museum, momwe ophunzira sankamva zonena za mphunzitsi. Iye ndi omuthandiza ankanyamula makushoni a mipando kuchokera ku Sanders Theatre usiku, n'kumayeza nthawi imene mawu a chitoliro ankatenga kuti azilale akawonjezera makushoniwo. Anapeza kuti nthawiyi imadalira zinthu ziwiri: kukula kwa chipinda, ndi kuchuluka kwa zinthu zomeza mawu zimene zilimo. Masiku ano nthawiyi amaiyeza ngati masekondi amene mawu amatenga kuti atsike ndi madesibelo 60. Amaipeza pochulukitsa makyubiki mita a chipinda ndi 0.161, kenako n'kugawa ndi masikweya mita a mphamvu yomeza mawu. Chipinda cholankhuliramo chimafuna nthawi yosafika sekondi imodzi, pamene holo ya nyimbo za gulu lalikulu imafuna masekondi pafupifupi awiri.

Koma m'chipinda chodyera gwero lalikulu la phokoso ndi anthu eniake. Dokotala wa makutu ndi pakhosi wa ku France, Étienne Lombard, analemba mu 1911 kuti munthu amakweza mawu mosazindikira pakakhala phokoso. Pa tebulo limodzi akakweza mawu, a pa tebulo loyandikana nawonso amakweza kuti amvane, ndipo oyamba aja amakwezanso. Sipadutsa nthawi yaitali, chipinda chonse chimakhala chikufuula popanda amene wafuna kutero. Zimenezi zimagwiranso ntchito mobwerera m'mbuyo, ndipo apa m'pamene pali phindu: zomeza mawu zikaikidwa, phokoso limatsika kuposa mmene masamu a makoma okha angasonyezere, chifukwa anthunso amatsitsa mawu awo.

Chiwerengero cha anthu amene chipinda chingalandire

Jens Holger Rindel, katswiri wa za mawu wa ku Denmark, anapereka njira yapafupi yoyerekezera anthu amene angadye m'chipinda chimodzi akumvanabe: makyubiki mita a chipindacho agawidwe ndi nthawi yozilala mawu yochulukitsidwa ndi 20.

Mwachitsanzo, chipinda cha mamita 12 m'litali, 8 m'lifupi ndi 3 kupita m'mwamba chili ndi makyubiki mita 288. Ngati pansi, makoma ndi siling'i zonse n'zolimba moti mawu amatenga sekondi imodzi ndi theka kuti azilale, anthu amene angamvane bwinobwino mmenemo ndi pafupifupi 10 basi, ngakhale mipando itakwana 40. Siling'i yonse, yomwe ndi masikweya mita 96, ikakutidwa ndi zinthu zomeza magawo 80 pa 100 alionse a mawu, nthawi ija imatsika kufika pansi pang'ono pa theka la sekondi, ndipo chiwerengero chimakwera kufika pafupifupi 30. Chitsanzochi chikusonyeza chifukwa chake kuwerenga mipando kokha pa pulani n'kosakwanira. Chikusonyezanso kuti siling'i yaitali imathandiza pokhapokha ikakhala yomeza mawu. Ikakhala yolimba imangotalikitsa nthawi yozilala ija.

Zimene omanga amachita

Siling'i ndiyo imayamba kuganiziridwa, popeza ndi malo aakulu amene sakhudzidwa ndi manja kapena chakudya. Kawirikawiri amaikapo matabwa obowolabowola kapena timatabwa totalikirana, ndipo kuseri kwake amayalako thonje lopangidwa kuchokera ku miyala kapena galasi. Kukhuthala n'kofunika. Chinthu chopyapyala chimameza mawu ang'onoang'ono okha, monga kulira kwa masupuni, koma mawu aakulu a besi amafuna chinthu chochindikala kapena mpata wa mpweya kumbuyo kwake.

Pansi ndi povuta. Kapeti amachepetsa phokoso la mapazi ndi mipando, koma sayenera malo amene msuzi umatayikira tsiku ndi tsiku, choncho ambiri amasankha pansi posavuta kukolopa n'kumata tinsalu tofewa kumiyendo ya mipando. Makoma awiri olimba oyang'anizana amaponyerana mawu, ndipo mankhwala ake ndi kuika zomeza mawu pa khoma limodzi mwa awiriwo, pa msinkhu wa mutu wa munthu wokhala pansi. Makatani olemera, mashelefu a mabuku ndi mipando ya makushoni zimathandizako. Matebulo aang'ono ndi abwino kuposa limodzi lalitali, chifukwa pakamwa ndi khutu zikayandikana munthu safunika kukweza mawu.

Kumeza mawu ndi kutchinga mawu

Zinthu ziwirizi zimasokonezedwa kawirikawiri, ndipo ndalama zambiri zimawonongekera pomwepa. Zomeza mawu zimakonza kamvekedwe ka mkati mwa chipinda, koma siziletsa phokoso kudutsa khoma. Kutchinga kumafuna kulemera ndi kutseka mipata: khoma la njerwa, chitseko cholemera chopanda mpata pansi, zenera la magalasi awiri. N'chifukwa chake chipinda chosewereramo ana chimamangidwa pafupi ndi chodyera koma chokhala ndi chitseko ndi zenera lagalasi, kuti makolo aziona ana awo popanda kumva phokoso lonse. Khitchini nayo imafuna nzeru. Ophika safuna kubisidwa kwa anzawo, komabe makina otsukira mbale ndi fani yotulutsa utsi zimakhala bwino kuseri kwa khoma kapena zenera lotha kutsekedwa. Nyumba zogona zoyandikana ndi nyumba ya onseyo zimafunanso kutetezedwa ku phokoso la maphwando a usiku.

Matileyi a mazira, amene ambiri amamata m'makoma, sameza mawu mokwanira ndipo satchinga chilichonse. Siponji wamba ndi woopsa chifukwa amayaka msanga. Mu 2003 anthu 100 anafa pa moto wa m'kalabu ya The Station ku Rhode Island, pamene siponji yomatidwa m'makoma ndi kusiling'i pofuna kuchepetsa phokoso inagwira moto.

Nthawi yoganizira zimenezi

Mu cohousing okhalamo amatenga nawo mbali pojambula pulani, ndipo amagwirizana okha za kagwiritsidwe ntchito ka ndalama. Ndalama zikachepa, zomeza mawu zimakhala pangozi yochotsedwa msanga chifukwa phindu lake silioneka pa pepala, pamene mazenera aakulu ndi pansi ponyezimira zimakopa maso. Kukonza pambuyo n'kotheka, monga popachika matabwa omeza mawu kudenga, koma malo a khitchini, kutalika kwa siling'i ndi kukhuthala kwa makoma sizisinthika popanda kugumula. Chipinda chikamangidwa, katswiri amatha kuyeza nthawi yozilala mawu pophulitsa chibaluni m'chipinda chopanda anthu n'kujambula mawuwo pa makina, kenako amayerekezera zotsatira zake ndi zimene zinalembedwa pa pulani.