Kuomba m'manja pa mawu a Cifalansa

Cifalansa ndi cilankhulo ca ku France. Cimalankhulidwanso ku Madagascar, cilumba cacikulu cimene cili kutsidya kwa nyanja, kum'mawa kwa Moçambique.

Mawu a Cifalansa amagawika m'maphatikizo monga mawu a Cinyanja. Mwana akafuna kudziwa kuculuka kwa maphatikizo, amachula mawuwo pang'onopang'ono ndi kuomba m'manja. Mawu akuti ami, ndiye kuti bwenzi, ali ndi maphatikizo 2: a-mi. Mawu akuti chocolat ali ndi 3: cho-co-lat.

M'Cinyanja phatikizo limatha ndi lembo la liwu: ma-dzi, nyu-mba. M'Cifalansa likhoza kutha ndi lembo lopanda liwu. Partir, kutanthauza kucoka, amagawika motere: par-tir. Koma tr ndi bl sasiyana, amayendera limodzi: ci-tron, ndimu, ta-bleau, bolodi la m'kalasi.

Nanga mawu amatsindika pati? Apa ndi pamene Cifalansa cimasiyana ndi zilankhulo za kusukulu. M'Cinyanja liwu limakoka pa phatikizo laciwiri kucokera kumapeto: ma-ti-MA-ti. M'Cipwitikizi mawu ambiri amateronso: to-MA-te, ba-NA-na. Cifalansa cimatsindika phatikizo lomaliza: a-MI, ci-TRON, par-TIR.

Koma lomaliza lake ndi limene limamveka m'khutu, osati limene maso akuona. Malembo ena akumapeto amangolembedwa, samachulidwa. Tomate amalembedwa cimodzimodzi m'Cipwitikizi ndi m'Cifalansa. Mwana wa ku Tete amaomba katatu: to-ma-te. Mwana wa ku Paris amaomba kawiri, pakuti e wakumapeto ali cete: to-MAT. Dzina la mzinda wakewo nalonso lili ndi s wacete, ndipo iye amati pa-RI.

Kacizindikiro ka pamwamba pa é kamasokoneza ngakhale akuluakulu. M'Cipwitikizi kamasonyeza potsindika, monga mu café. M'Cifalansa kamangosonyeza kachulidwe ka e. Mawu akuti école, sukulu, ali nako pa lembo loyamba, koma amatsindika kumapeto: é-COL.

Mawu akatsatana, amagwirana ngati ana pa mzere. Petit, wamng'ono, akakhala yekha amamveka pe-TI, t womaliza ali cete. Akakumana ndi ami, t uja amadzuka nalumphira kwa mnzake, ndipo kutsindika kumapita kumapeto kwenikweni: pe-ti-ta-MI.