Kodi Mumadziwa? Ma Hijra ndi Nkhani ya Caste ku India

Pa 15 Epulo 2014, Khoti Lalikulu la India linagamula kuti anthu amene sadziona kuti ndi amuna kapena akazi monga anabadwira, kuphatikizapo ma hijra, boma liziwazindikira ngati gulu lachitatu. Linalamulanso kuti aziwasungira malo m'masukulu ndi pa ntchito za boma.

Komatu ku India munthu amabadwira m'limodzi mwa magulu otchedwa caste, ndipo a Dalit ndi amene amaponderezedwa kwambiri. Grace Banu wa ku Tamil Nadu, Mdalit amene anabadwa mwamuna koma ndi mkazi, amati malowo akawaika m'thumba limodzi, odyerera adzakhala a magulu apamwamba. Iye amalimbikira kuti malowo azigawidwa m'kati mwa caste iliyonse. Boma la chigawo cha Karnataka linayamba kutero mu 2021, posungira anthuwa 1 peresenti ya ntchito zake.