Mtambo Wosagwetsa Mvula: Akulondera Ndalama za Tiyi Ndani?

Sabata yatha, tili m'kati mwa phunziro la kuwala mu Fomu 3, mtsikana wina wa pa benchi yakumbuyo anakweza dzanja. "Aphunzitsi, foni ya achimwene ikumanena kuti zithunzi zasungidwa mu cloud. Ndiye cloud yakeyo ndi iti? Yomwe ija imatsika pa phiri la Thyolo nthawi ya chiperoni?" Kalasi yonse inaseka chikhakhali.

Ine kuseka kunandivuta pang'ono. M'mawa wa tsiku lomwelo ndinali nditamva za mayi ena akwathu, othyola tiyi pa esiteti ina, amene malipiro awo anasesedwa pafoni. Munthu anawaimbira, nkunena kuti ndi wa ku ofesi ndipo akufuna kuwakonzera akaunti. Anawapempha nambala yachinsinsi, iwo nkutchula. Basi, thukuta la masiku ambiri, dengu kumsana, linauma ngati mame.

Funso la mtsikana uja ndi tsoka la mayi aja ndi nkhani imodzi. Tiyeni tiyiyende pang'onopang'ono.

Mtambowo uli pansi pompano

Pa Chingerezi cloud ndi mtambo, koma uwu ulibe mvula. Ndi makompyuta amphamvu, otchedwa maseva, osanjidwa m'mashelefu m'nyumba zikuluzikulu zotchedwa ma data centre. Amagwira ntchito usana ndi usiku, ndipo monga munaphunzira, mphamvu ya magetsi imene amadya imasanduka kutentha. N'chifukwa chake nyumbazi zimakhala ndi makina oziziritsa osapuma. Kampani ikati yaika zinthu zake mu cloud, ikutanthauza kuti ikuchita lendi malo pa makompyuta a eni ake, m'malo mogula ake.

Nyumba zoterezi zina zili pafupi nafe. Microsoft inatsegula zake ku Johannesburg ndi ku Cape Town mu 2019, Amazon ku Cape Town mu 2020, ndipo Google ku Johannesburg mu 2024. Kuno kwathu, boma linatsegula National Data Centre ku Blantyre mu 2022.

Nanga uthenga umafikako bwanji? Ukachoka pafoni yanu umayenda ngati mafunde a wailesi mpaka pa nsanja ya netiweki. Kuchoka apo, mbali yaikulu ya ulendo imachitika m'kati mwa ulusi wagalasi woonda ngati tsitsi, momwe uthenga umayenda ngati kuwala kothwanimathwanima. Kuwalako kukagunda m'mbali mwa ulusiwo kumanjanja nkubwerera m'kati, osatuluka. Ndi chija m'buku lanu la fizikisi amachitcha total internal reflection. Mukuona? Si za mayeso zokha ayi.

M'galasi, kuwala kumathamanga makilomita pafupifupi 200,000 pa sekondi. Kuchokera kuno kukafika ku Johannesburg, kuloza chindunji, ndi makilomita pafupifupi 1,400. Gawani mtunda ndi liwiro: 1,400 ÷ 200,000 = masekondi 0.007. Zingwe zimakhota, ndipo pali makina m'njira amene amachedwetsako, komabe uthenga umafika musanamalize kuphethira. Ndipo zingwezi ndi zenizeni, zimaduka. Mu May 2024, zingwe ziwiri za pansi pa nyanja, EASSy ndi SEACOM, zitaduka, intaneti inavuta ku Malawi, Tanzania, Kenya ndi maiko ena oyandikana nafe.

Tsono gwirani mfundo iyi, ndi pamene pagona nkhani: ngati inu mungafike pa seva yakutali musanaphethire, wakubanso, kaya ali dziko liti, angafike pa khomo la akaunti yanu mofulumira chimodzimodzi.

Tiyi amagulitsidwa ndi imelo

Mwina mukuti, "Aphunzitsi, zimenezi ndi za ku tauni, kuno n'kumunda." Taganizaninso. Tiyi wambiri wa ku Thyolo ndi ku Mulanje amagulitsidwa kunja kwa dziko, wina kudzera pa okushoni ya ku Limbe, wina mwachindunji kwa ogula. Esiteti ya Satemwa, yomwe inayamba mu 1923, ili ndi webusaiti yomwe anthu akunja amaonapo mitundu ya tiyi wake, ndipo alendo amafunsirapo malo ogona ku Huntingdon House. Malonda otere amayenda ndi maimelo, makalata a mitengo ndi manambala a akaunti za kubanki.

Kale kalaliki ankalemba makilogalamu a aliyense m'kaundula, bukulo nkutsekeredwa mu sefa, mlonda ali panja ndi tochi. Wakuba ankayenera kubwera ndi miyendo yake, kudumpha mpanda, kuthyola loko. Lero kampani iliyonse imene yaika maimelo, mabuku a malipiro kapena webusaiti yake mu cloud ili ndi khomo latsopano. Khomolo ndi akaunti, kiyi wake ndi pasiwedi, ndipo mlonda wa tochi uja sangalione nkomwe.

Masamu a pasiwedi

Tulutsani makakyuleta. Nambala yachinsinsi ya madijiti anayi ingakhale iliyonse kuyambira 0000 mpaka 9999, kutanthauza njira 10,000. N'zochepa, ndiye chifukwa chake mukalakwitsa kangapo akaunti imatsekedwa.

Pasiwedi ya zilembo zing'onozing'ono 8 ili ndi njira 26 kuchulukitsa ndi 26 kasanu n'katatu, zomwe ndi pafupifupi mabiliyoni 209. Zikumveka zambiri, eti? Tiyerekeze kuti mbava yaba mndandanda wa mapasiwedi obisidwa, ndipo ili ndi kompyuta yoyesa biliyoni imodzi pa sekondi. Imaliza zonse m'masekondi 209, mphindi zitatu ndi theka, tiyi asanazizire m'kapu. Wonjezerani zilembo zinayi zokha, zikhale 12: kompyuta yomweyo ifunika zaka pafupifupi zitatu. Chilembo chilichonse chowonjezera chimachulukitsa ntchito ya mbava ka 26. Utali ndi umene umateteza. Koma masamuwa amagwira pokhapokha zilembozo zili zosayembekezeka. Dzina lanu, chaka chobadwa, dzina la timu ya mpira kapena 123456, mbava imayambira pomwepo.

Wakuba wamakono amachita kupempha

Vuto n'lakuti akathyali ambiri savutika ndi masamu onsewa. Amangopempha kiyi, mwiniwake nkupereka, monga zinachitikira mayi aja. Pa Chingerezi amati phishing, ndipo ndi mbedza ndi nyambo basi. Mumalandira uthenga wakuti akaunti yanu itsekedwa lero mukapanda kudina apa. Mukadina, pakubwera tsamba lofanana ndendende ndi lenileni. Mukalembapo pasiwedi, yapita. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Pa bizinesi zimapweteka koposa. Mbava ikalowa mu imelo ya wogwira ntchito mu ofesi, siba msanga. Imakhala phee, kuwerenga makalata, kuphunzira amene amagula ndi nthawi imene amalipira. Tsiku lolipira likayandikira, imatumiza kalata kuchokera mu imelo yeniyeni ija, yonena kuti kampani yasintha banki, ndalama zitumizidwe ku akaunti ina. Wogula wa kutsidya kwa nyanja alibe chomukayikitsa. Chinyengo chimenechi chagwetsa makampani m'maiko ambiri, ndipo bizinesi iliyonse yogulitsa kunja iyenera kuchiopa. Ndalama za kontena ya tiyi zikasochera chonchi, amene amamva kuwawa si bwana yekha. Pali wothyola, woyendetsa thirakitala, mlimi wamng'ono amene amagulitsa masamba ake ku fakitale, ndi inu amene mukudikira fizi.

Ndipo musaganize kuti Malawi ndi wobisika. Mu February 2024, amene anali Pulezidenti pa nthawiyo, Lazarus Chakwera, anauza Nyumba ya Malamulo kuti akuba a pa intaneti analowerera makina opangira mapasipoti ndipo ankafuna dipo. Kwa masabata angapo anthu sankatha kulandira mapasipoti.

Zimene zasintha: loko wachiwiri

Makampani a cloud anaona kuti pasiwedi payokha yatopa. Kuyambira mu October 2024, Microsoft inayamba kukakamiza oyang'anira maakaunti a cloud yake, Azure, kuti azitsimikizira kawiri polowa. Mu November 2024, Google inalengeza kuti ichita chimodzimodzi kwa ogwiritsa ntchito Google Cloud m'chaka cha 2025. Ganizo lake n'losavuta: pakhale chinthu chimene mukudziwa, pasiwedi, komanso chinthu chimene muli nacho m'manja, foni. Mbava ikaba chimodzi, chinacho chiikanize.

Njira yodziwika ndi nambala yobwera pa SMS. Imathandiza ndithu, koma ili ndi mabowo awiri. Munthu angakunyengerereni kuti muitchule, kapena anganamize wogulitsa ma SIM kuti ndi inu, nambala yanu nkusamukira pa SIM yake.

Njira yabwinoko ndi kapulogalamu ka pafoni, monga Google Authenticator, kotulutsa nambala ya madijiti 6 yomwe imasintha masekondi 30 aliwonse. Tsiku loyamba, foni ndi seva zimagawana chinsinsi chimodzi. Kuyambira pamenepo, chilichonse pachokha chimatenga chinsinsicho, kuphatikiza ndi nthawi ya pa wotchi, kuchita masamu ofanana, nkupeza yankho lofanana. Palibe chimene chikutumizidwa kwa inu, ndiye kamagwira ntchito ngakhale muli m'chigwa momwe netiweki imathawa. Wotchi ya foni ikasokonekera, nambala nayo imakanidwa. Pamenepo mwaona kuti kuyeza nthawi molondola si nkhani ya mu labotale mokha.

Chatsopano kwambiri ndi passkey. Google inayamba kupereka ma passkey pa maakaunti ake mu May 2023, ndipo mu May 2025 Microsoft inalengeza kuti akaunti zatsopano zizitsegulidwa popanda pasiwedi. Foni imapanga makiyi awiri apachibale. Wina umatsala m'foni, winayo umapita kwa seva. Mukafuna kulowa, seva imatumiza funso, inu nkutsegula foni ndi chala kapena nkhope, foni nkudinda funsolo ndi kiyi wobisika uja. Seva imagwiritsa kiyi winayo kuona ngati chidindocho ndi chenicheni, koma singathe kupanga chidindo chotero yokha.

Zimatheka bwanji? Pali masamu osavuta kupita koma ovuta kubwerera. Kuchulukitsa 53 ndi 61 n'kosavuta, mupeza 3,233. Koma nditakupatsani 3,233 nkuti mupeze manambala awiri aja, mutuluka thukuta. Tsono ganizirani manambala a madijiti mazanamazana. Makiyi apachibalewa amatsamira pa masamu a mtundu umenewu.

Ubwino wa passkey ndi uwu: palibe mawu oti mungatchule pafoni, ndipo chidindocho chimamangidwa ku dzina lenileni la webusaiti. Tsamba lachinyengo, ngakhale lifanane bwanji ndi lenileni, foni imalikana. Maso anu anganamizidwe, koma foni imawerenga dzina chilembo ndi chilembo.

Pa mawebusaiti napo pasintha. Kuyambira mu July 2018, Chrome inayamba kuchenjeza kuti tsamba lopanda https ndi losatetezeka. Anthu anazolowera kuti akaona kaloko pamwamba ndiye kuti zonse zili bwino. Koma kalokoko kamangotanthauza kuti uthenga wabisidwa m'njira, sikanena kuti mwini tsamba ndi wachilungamo. Wakuba nayenso amatha kukhala nako. Mu 2023 Google inachotsa kalokoko pa Chrome chifukwa cha kusamvetsetsa komweku. Chofunika ndi kuwerenga dzina la tsamba bwinobwino.

Nanga kunyumba?

Tinene zoona, makolo ambiri kuno ali ndi kafoni ka mabatani, ndipo nthawi zina foni imodzi ndi ya banja lonse. Passkey sinafike pa kafoni kotere. Chimene chafika ndi inu. Ndinu amene mumawerengera agogo mauthenga, ndinu amene mumatumidwa kwa ejenti wa Airtel Money kapena TNM Mpamba. Mlonda wa pakhomo latsopanoli ndinu, ndiye londerani motere.

Nambala yachinsinsi, kapena nambala yobwera pa SMS, satchulira munthu, ngakhale anene kuti ndi wa kubanki kapena ku ofesi. Wogwira ntchito weniweni saifuna.

Uthenga wokuthamangitsani, wakuti chitani pompano, ndi umene muyenera kuukayikira kwambiri. Dulani foni, imbani nokha pa nambala imene mukuidziwa, kapena pitani ku ofesi. Safunsa anadya phula.

Akaunti iliyonse ikhale ndi pasiwedi yakeyake, yaitali. Mawu anayi kapena asanu osagwirizana amakumbukika msanga kuposa zilembo zosakanikirana.

Tsegulani kutsimikizira kawiri pa imelo, pa Facebook ndi pa WhatsApp. Mukagwiritsa ntchito foni ya mnzanu kapena kompyuta ya kusukulu, tulukani mu akaunti musanachoke.

SIM ikasiya kugwira mwadzidzidzi anzanu ali pa netiweki, musadikire mawa. Kafunseni tsiku lomwelo.

Mukaberedwa, nenani msanga ku kampani ya foni kapena kubanki, komanso kupolisi. Malamulo alipo: Electronic Transactions and Cyber Security Act ya 2016 imaletsa kulowa m'makina a eni popanda chilolezo, ndipo Data Protection Act ya 2024 imalamula mabungwe kusamala zimene amasunga zokhudza inu. Manyazi ndi amene amadyetsa akathyali, chifukwa woberedwa akakhala chete, mawa amaimbira woyandikana naye.

Mtsikana uja, nditamaliza kufotokoza, anati, "Ndiye aphunzitsi, cloud ndi kompyuta ya eni ake basi?" Eya, ndi yomweyo, ndipo kiyi wake ali m'thumba mwanu.

Ntchito yakunyumba ilipo iwiri. Yoyamba: pasiwedi ya zilembo zing'onozing'ono 10, kompyuta ija ya biliyoni pa sekondi ingaimalize m'maola angati? Onetsani njira. Yachiwiri ilibe malikisi: madzulo ano, nsima ikatha, funsani amayi kapena agogo kuti angayankhe chiyani munthu atawaimbira kupempha nambala yachinsinsi. Akazengereza, khalani nawo pansi muwafotokozere.