Diso la ku Manchester pabalaza pa agogo

Disembala akafika, masutikesi a abale ochokera kunja sabweranso ndi nsapato ndi mafuta onunkhira okha. Masiku ano mumapezekanso timakamera, mababu oyatsa ndi foni, ndi mapulagi oti munthu angathe kuthimitsira giza ali kutsidya kwa nyanja. Za ku Britain zimangolowa m'masoketi athu popanda vuto, pomwe za ku Joni, za mano ozungulira zija, zimafuna adaputa. Mkonzi wathu adatituma kukaona ngati zinthuzi zimagwirabe ntchito eni ake akakwera ndege kubwerera.

Tidafika pa nyumba ina ku Area 49 mu Lilongwe cha m'ma 9 koloko m'mawa, Januwale ali pakati. Mwini nyumbayo ndi namwino ku Manchester. Amene amakhalamo ndi mayi ake, agogo a zaka zopitirira 70, ndi mtsikana wowathandiza ntchito. Titangodina batani la pageti, kabokosi ka pamenepo kadatipatsa moni m'Chichewa chomveka bwino. Adali namwinoyo. Kwawoko inali 7 koloko, akuweruka ku ntchito ya usiku, ndipo adatiwona pa foni agogo asadadziwe n'komwe kuti kwabwera alendo.

Agogo adatilandira pakhonde akusankha nyemba m'lichero. Adatitengera m'kati kukationetsa zipangizozo ngati munthu amene akuonetsa mbuzi za mnansi zomwe zamudyera chimanga. Rauta ili pamwamba pa kabati, yolumikizidwa ku kabatire koti izigwirabe ntchito magetsi akathima. Banjali lidaphunzirapo mu 2022, namondwe wa Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira, pamene mdima udali wa tsiku ndi tsiku. Pa switchi ya m'kanjira kolowera kuzipinda padamatidwa selotepi. Babu woyatsidwa ndi foni amafuna switchi ya pakhoma izikhala yoyatsa nthawi zonse, koma agogo, amene adazolowera kusunga mayunitsi, amaithimitsa akamadutsa. Akatero babuyo amasowa pa foni ya ku Manchester, ndipo pasanathe mphindi khumi foni yawo imalira. Selotepiyo yamatulidwapo kangapo, zikuchita kuonekeratu. Chinanso chimene amadandaula n'choti magetsi akabwera pakati pa usiku, mababu onse amayaka okha, nyumba yonse ngwee ngati pali ukwati.

Koma nkhani yeniyeni ili pabalaza. Pamwamba pa wailesi ya kanema pali kakamera koyera, kotembenuka ngati mutu wa kadzidzi. Tsiku limenelo kadali katafunditsidwa kansalu koluka, ka mtundu umene amayi amayala pamipando.

Namwinoyo akuti kamerayo adaiika atamva kuti mayi ake adagwa m'bafa ndipo padapita nthawi asadapezedwe. Iye amasamalira makolo a anthu ena usiku wonse, ndiye akuti mtima sungamukhale pansi osawaona ake. Agogo sakutsutsa za kugwako. Chimene akukana n'kudya nsima wina akuwawerengera mbamu. Akuti anzawo a Mvano adasiya kumasuka akabwera kudzacheza, amangonong'ona maso ali pa kabokosiko, ndipo ena adayamba kupempha kuti azikhala panja pansi pa mango. Kwathu kuno ndi kholo limene limayang'anira mwana, adatero, osati mwana kusuzumira kholo.

Mtsikana wantchito uja sadafune kuyankhulapo zambiri. Adangoti adauzidwa kamerayo itaikidwa kale, ndipo sadziwa ngati imamva mawu. Imamva.

Mnyamata amene adaika zipangizozi, yemwe amayitanidwa nthawi zonse rauta ikasinthidwa, amaona kuti onse akukanganira pamalo polakwika. Akuti kugwa kwa munthu wamkulu kungadziwike popanda chithunzi: kachipangizo kozindikira kuyenda kwa munthu m'kanjira kolowera kuzipinda, kapena batani loti agogo azivala m'khosi, zingakwanire. Adatiululiranso, mosachita manyazi, kuti akaunti ya makamera onse m'nyumbayi adaitsegula ndi imelo yake tsiku loika, chifukwa mwini wake adali pa changu, ndipo mpaka lero palibe wasintha pasiwedi. Kutanthauza kuti pabalaza pa agogo pangathe kuonedwa ndi anthu awiri, osati mmodzi. Ifeyo tikuona kuti apa ndi pamene banjali likadayambira mkangano wake, koma titamuuza namwinoyo adangoti azikonza akapeza mpata.

Zina zonse n'zachizolowezi: zipangizo zambiri zotsika mtengo zimangogwira Wi-Fi ya 2.4 GHz, makoma a njerwa zowotcha amafooketsa netiweki, bandulo imatha msanga kamera ikamaonedwa pafupipafupi, ndipo nyengo ya mvula mphenzi siisankha.

Pa za kamera ya pabalaza, pakadali pano agogo ndi mwana wawo adagwirizana mosalemba. Kansalu kamachotsedwa agogo akamakagona, n'kubwezeredwa m'mawa akamwa tiyi. Lamlungu masana amakachotsa okha, atavala chitenje chatsopano, kuti adzukulu a ku Manchester awaone.

Potuluka tidapeza mlonda wa panyumbapo atakhala pa mpando wake pakona pa mpanda, kumbuyo kwa thanki ya madzi. Ndi pokhapo pabwalo lonse pamene kamera ya pageti siifika, ndipo udzu wa pamenepo udatha kalekale.