Kulira kwa sitima m'chifunga kuli ndi tanthauzo

Alimi anzanga a kunyanja, ambiri a ife khasu likapuma timagwira nkhafi. Nchifukwa chake lero ndati tikambeko za chifunga.

Ndili mnyamata ku Nkhotakota, tsiku lina m'mwezi wa July ine ndi malume tinkachokera kokagwira usipa m'bandakucha. Chifunga chinatikuta moti kutsogolo kwa bwato sikunkaoneka. Mwadzidzidzi tinamva hutala wa sitima, kulira kamodzi kotalika. Ine ndinafuna kupalasa mwamphamvu kuti tithawe, koma malume anandigwira dzanja.

"Mphwanga, uthawira kuti usanadziwe komwe ili? Menya chitinicho!"

Ndinamenya mpaka manja kuwawa. Sitimayo inachepetsa liwiro nkudutsa chapatali pang'ono, mafunde ake nkutigwedeza. Tikanakhala chete, bwenzi lero nkhani ili ina.

Ndinadzadziwa pambuyo pake kuti kulira kumeneku sikwachisawawa ai. Malamulo a dziko lonse opewera ngozi za pamadzi, amene anakhazikitsidwa mu 1972, anaika tanthauzo pa kaliridwe kalikonse. Kulira kotalika kumatenga masekondi 4 mpaka 6, pamene kwakufupi ndi sekondi imodzi.

Sitima ya injini imene ikuyenda m'chifunga imalira kamodzi kotalika, ndipo sipapita mphindi ziwiri isanabwereze. Ikalira kawiri kotalika, yaima koma sinaponye nangula. Kamodzi kotalika kotsatana ndi kawiri kwakufupi, dziwani kuti singapatuke msanga: mwina ikukoka ukonde, ikukoka inzake, kapena yaonongeka. Yomwe yaponya nangula imaliza belu mofulumira kwa masekondi 5 pa mphindi iliyonse.

Nanga ife a mabwato? Malamulowa sakakamiza bwato losakwana mamita 12 kulira motere, koma amati lizichita phokoso lomveka pasanathe mphindi ziwiri zilizonse. Wezulo wa mpira, chitini kapena chigubu, zonsezi zimagwira ntchito. Kumbukirani kuti bwato lamtengo ndi lotsika, woyendetsa sitima saliona msanga.

A maboti a injini, mukamva kulira kutsogolo kwanu chepetsani liwiro, ndipo muzitchera khutu, poti phokoso la injini yanu limatseka makutu. Samalaninso chifukwa m'chifunga mau amanamiza, amamveka ngati akuchokera kwina.

Izi sizachifunga chokha. Mvula yamphamvu ndi utsi wa moto wolusa m'chilimwe nazonso zimaphimba maso. Wezulo ndi wotsika mtengo. Gulani, mumange ku bwato, ndipo aphunzitseni ana musanawapatse nkhafi.