Galu wa Kangal: Mlonda wa Mbuzi ndi Nkhosa Zanu

Alimi anzanga, nyengo ya msika ikatha ambiri a inu mumagula mbuzi kapena nkhosa ndi ndalama za fodya, thonje kapena mtedza. Mumachita bwino, chifukwa mbuzi ndiyo banki ya mlimi. Ndalama za feteleza zikaperewera, kapena mwana akafuna fizi, mumagulitsa imodzi. Koma tikamayendera minda yanu timamva madandaulo awa kawirikawiri: fisi wathyola khola, nkhandwe yagwira mwana wa mbuzi kudambo, akuba alowa eni ake ali m'tulo. Thukuta la chaka chonse limatha usiku umodzi.

Lero tikufotokozerani za galu wamkulu wotchedwa Kangal, amene ntchito yake ndi kulonda ziweto. Ngakhale musamupeze galu ameneyu, werenganibe, pakuti malamulo a kaleredwe kake angakuthandizeni ndi galu wathu wakumudzi.

KWAO NDI MAONEKEDWE AKE

Kwao kwa galu ameneyu ndi ku Turkey. Dzina lake lidachokera ku boma la Kangal, m'chigawo cha Sivas. Ena amamutcha Anatolian, potengera dzina la dera lalikulu la dzikolo. Abusa a kumeneko akhala akuweta agalu otere kuyambira kalekale kuti aziteteza nkhosa ku mimbulu, ndipo amawaveka mkombero wachitsulo waminga m'khosi kuti mmbulu usawagwire pammero.

Galu wamphongo amalemera makilogalamu 50 mpaka 60, ndipo kutalika kwake kuchokera pansi kufika paphewa kumapitirira masentimita 70. Wamkazi amacheperako pang'ono. Ubweya wake ndi waufupi koma wothithikana, wotuwa ngati udzu wa m'chilimwe. Kukamwa ndi makutu kwake n'kwakuda, ndipo mchira wake umapindikira kumsana akakhala tcheru.

KAGWIRIDWE KAKE KA NTCHITO

Musamusokoneze ndi galu wosaka kapena wokusa ziweto. Kangal sathamangitsa mbuzi kuti zipite uku kapena uko. Iye amayenda nazo, amagona nazo, ndipo amaziyesa abale ake. Masana mungamuyese waulesi chifukwa amangogona pachulu kapena pamthunzi. Koma akamva fungo la chilombo amadzuka, naima pakati pa chilombocho ndi ziweto, nauwa ndi mawu aakulu. Zilombo zambiri zimadalira kuzembera, choncho zikaona kuti zadziwika zimabwerera. Galuyu amamenya nkhondo pokhapokha chilombo chikakana kuchoka.

Njira imeneyi idayesedwa kale mu Africa muno. M'chaka cha 1994 bungwe la Cheetah Conservation Fund, limene lili pafupi ndi tauni ya Otjiwarongo ku Namibia, lidayamba kupereka ana a agalu amenewa kwa alimi a mbuzi ndi nkhosa. Alimi a kumeneko ankapha cheetah, nyama yonga kambuku yothamanga kwambiri, chifukwa inkawagwirira ziweto. Ambiri mwa alimi amene adalandira agaluwa adanena kuti ziweto zogwidwa zidachepa kwambiri. Pambuyo pake alimi a ku South Africa adatengera njira yomweyo.

KALEREDWE: M'MERA MPOYAMBA

Galu wolonda ziweto amapangidwa m'miyezi inayi yoyamba ya moyo wake. Nthawi imeneyi ndi pamene kagalu kamasankha abale ake. Kakakulira pakhonde, kadzalonda khonde. Kakakulira m'khola, kadzalonda khola. Tsatirani malamulo awa:

1. Tengani kagalu katasiya kuyamwa, kali ndi masabata 8 kapena kupitirira pang'ono. Kaikeni m'khola tsiku lomwelo.

2. Yambani ndi ana a mbuzi ndi mbuzi zazikazi zofatsa. Tonde kapena mbuzi imene yangobereka kumene ingakagunde ndi kukapweteka. Mangani kachipinda pangodya ya khola, kokhala ndi khomo laling'ono, koti kagaluko kazithawiramo ndi kudyeramo.

3. Chakudya chake chizipita kukhola. Musakadyetsere kukhitchini, ngakhale tsiku limodzi.

4. Uzani ana anu kuti ameneyu si galu wosewera naye. Komabe inu ndi mbusa wanu muzikagwira pang'ono tsiku lililonse, kukayang'ana m'makutu, m'kamwa ndi m'mapazi. Galu wa makilogalamu 50 amene sagwirika simungamupatse mankhwala.

5. Kakafika miyezi itatu kapena inayi, kayambe kupita kubusa ndi ziweto, mbusa ali pomwepo. Yambani ndi mtunda waufupi.

6. Kakathawira kunyumba, kabwezeni kukhola nthawi yomweyo. Chitani zimenezi kangati konse, osatopa.

Pakati pa miyezi 6 ndi 12 galu amalowa msinkhu wamasewera. Amayamba kuthamangitsa ana a mbuzi ndi kuwaluma makutu. Alimi ambiri amataya mtima pamenepa, naganiza kuti galu walawa magazi. Ayi, ndi chibwana chabe, koma mukachilekerera chimasanduka khalidwe. Mudzudzuleni ndi mawu amphamvu pomwe akuchitirapo, ndipo muikeni pamodzi ndi mbuzi zazikulu zimene sizilola masewera. Musamumenye ndi ndodo, chifukwa galu womenyedwa amaopa mbusa nayamba kuthawa ziweto. Galu ameneyu amakhwima maganizo akafika chaka ndi theka kapena zaka ziwiri. Asanafike pamenepo musamusiyire ziweto yekha usiku.

Musapite naye kokasaka. Galu amene wazolowera kuthamangitsa akalulu amasiya mbuzi kudambo. Ngati simufuna kuti aziswana, pemphani mlangizi wa ziweto kuti amufule. Galu wofula salondanso agalu aakazi m'midzi, ndipo ntchito yake ya ulonda siichepa.

CHAKUDYA

Werengani mtengo musanatenge galu wotere. Amadya pafupifupi ngati munthu wamkulu wogwira ntchito kumunda, ndipo adzadya chotero kwa zaka 10 kapena kupitirira. Nsima kapena phala la madeya lokha silikwanira. Sakanizanimo usipa, bonya, mkaka, soya wophika kapena zotsala za nyama zophika bwino. Kagalu kadye katatu pa tsiku, galu wamkulu kawiri, m'mawa asanapite kubusa ndi madzulo atabwerako. Musamupatse chakudya chambiri nthawi imodzi kenaka n'kumuthamangitsa, chifukwa agalu a chifuwa chachikulu mimba yawo imatha kufufuma ndi kupotokola, ndipo amafa m'maola ochepa. Kagalu musakanenepetse, poti kulemera msanga kumawononga mfundo za m'chiuno.

Chimanga kapena mtedza wa chuku umene wakanidwa pamsika musaupereke kwa galu. Chuku chimakhala ndi poizoni amene amawononga chiwindi. Musamupatsenso mutu kapena zam'kati zaziwisi za mbuzi kapena nkhosa. M'menemo mumakhala ana a njoka za m'mimba. Zikakulira mwa galu, mazira ake amagwera pamsipu, mbuzi n'kuwadya, ndipo zina zimayamba kuzungulirazungulira mpaka kufa. Madzi abwino akhalepo nthawi zonse, ndi mthunzi, makamaka mu Okutobala ndi Novembala.

MATENDA NDI NGOZI

Chiwewe ndicho choyamba. Galu wolonda amakumana ndi nkhandwe ndi agalu oyendayenda, choncho abayidwe katemera akafika miyezi itatu, ndipo muzipita naye chaka ndi chaka pamene a zaziweto alengeza. Sungani chiphaso cha katemera. Munthu akalumidwa ndi galu aliyense, tsukani bala ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, ndipo pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo. Zizindikiro za chiwewe zikayamba, palibe mankhwala.

Funsaninso za katemera wa matenda otsegula m'mimba mwamagazi, amene amapha tiagalu tambiri. Mankhwala a njoka za m'mimba apatsidwe miyezi itatu iliyonse. Nkhupakupa zimabweretsa matenda otha magazi: galu amafooka, amakana kudya, ndipo nkhama zake zimayera. Mukaona zimenezi musadikire mawa.

Inu alimi a fodya ndi thonje, samalani. Mankhwala opopera mbewu si osambitsira galu. Zigubu zake musamwetseremo madzi. Masamba a fodya ndi zinyenyeswa za m'shedi ndi poizoni kwa kagalu kakazitafuna. Mankhwala a makoswe ndi misampha ya waya zimaphanso agalu ambiri.

KODI NDI WOYENERA KWA INU?

Mlimi wa mbuzi zitatu zomangirira pachingwe kuseri kwa nyumba safunika galu wotere. Khola lolimba la m'mwamba limukwanira. Kangal amapindulitsa pamene ziweto zili zambiri, monga pa esiteti, kapena pamene alimi a m'kalabu imodzi amadyetsera ziweto zawo pamodzi nagawana mtengo wa chakudya. Ngati mumakhala pa esiteti, kambiranani ndi mwini esiteti poyamba, ndipo dziwitsani anzanu oyandikana nawo, chifukwa galuyu sakhulupirira alendo. Wofuna kuitanitsa galu kuchokera kunja ayenera kupeza chilolezo kwa a dipatimenti ya ziweto.

Ngati Kangal simungamuthe, yesani galu wakumudzi. Ku Botswana alimi amalera agalu akwao m'khola mwa njira yomweyi, ndipo amalonda mbuzi bwino. Ndi ochepa thupi, koma amadya pang'ono ndipo adazolowera kutentha. Sankhani kagalu kofatsa, kosakonda kuthamangitsa nkhuku, kochokera kwa make wathanzi.

Kumbukirani kuti galu salowa m'malo mwa khola. Galu mmodzi sangalimbane ndi gulu la afisi, ndipo wakuba angamuponyere nyama yapoizoni. Iye ntchito yake ndi kuuwa, inu yanu ndi kudzuka. Akulu adati galu wamkota sakandira pachabe. Akauwa usiku, tengani tochi mutuluke. Ngati muli ndi mafunso, onanani ndi mlangizi wa ziweto wa m'dera lanu musanatenge kagalu.