CHIBAYO MWA OKALAMBA: WODWALA ASAGONE NDI NJALA

Nyengo yachisanu ikafika, makamaka m'miyezi ya Juni ndi Julaye, anthu okalamba ambiri amagwidwa ndi chibayo. Wodwala amatsokomola, amamva kubaya m'nthiti ndipo amapuma mofulumira. Mwa okalamba thupi silitentha nthawi zonse. Ena amangofooka, kusokonezeka maganizo ndi kukana chakudya. Kukana chakudyako abale ambiri amakupeputsa, komatu n'koopsa.

M'magazi mwa munthu muli mchere wina wotchedwa fosifeti, dzina limene alimi amalimva pa nkhani ya feteleza. Pa magawo 100 a fosifeti wa m'thupi, pafupifupi magawo 85 ali m'mafupa ndi m'mano. Wotsalayo ndiye amathandiza minofu kupeza mphamvu kuchokera ku chakudya. Kupuma nakonso ndi ntchito ya minofu, makamaka mnofu waukulu umene uli kunsi kwa mapapo. Fosifeti akachepa kwambiri, mnofuwu umalefuka, wodwala amalephera kutsokomola mwamphamvu, ndipo makhololo amatsalira m'chifuwa. Asilikali a m'magazi olimbana ndi tizilombo nawonso amafooka. Madokotala apeza kuti odwala chibayo amene fosifeti wawo watsika kwambiri amakhalitsa m'chipatala, ndiponso amamwalira ochuluka poyerekeza ndi anzawo.

Mcherewu umachepa mwa munthu amene wakhala masiku ambiri osadya, wotsekula m'mimba nthawi yaitali, ndi womwa mowa mwauchidakwa. Kumwa kawirikawiri mankhwala ena a kutentha pamtima kumauchepetsanso, ndipo kupuma mofulumira kumene chibayo chimabweretsa kumawonjezera vutolo.

Chakudya cha pamudzi chili ndi fosifeti wokwanira. Usipa, matemba, mazira, mkaka, nyama, nyemba ndi mtedza zonsezi n'zabwino. Agogo amene mano adatha apatsidwe phala la mgaiwa lothira nsinjiro kapena usipa wosinja, pang'onopang'ono koma kangapo pa tsiku.

Pali chenjezo limodzi. Munthu amene wakhala masiku asanu kapena kuposerapo osadya kanthu asadyetsedwe chakudya chambiri kapena zakumwa za shuga nthawi imodzi. Zikatero, fosifeti wochepa wotsala m'magazi amalowa m'minofu mwadzidzidzi, ndipo mtima ndi kupuma zimasokonezeka. Wodwala wotere apite naye msanga kuchipatala, ndipo abale afotokozere adokotala masiku amene wakhala osadya, za mowa, ndi mankhwala onse amene akumwa. Kuyeza magazi ndiko kumaonetsa ngati mcherewu wachepa. Kugula mankhwala owonjezera fosifeti popanda uphungu wa adokotala n'kulakwa, pakuti akachuluka amavulaza, makamaka odwala impso.

Chakudya pachokha sichichiza chibayo. Wokalamba amene akupuma movutika afunika kufika kuchipatala tsiku lomwelo, kumwa mankhwala onse mpaka atatha, ndi kukhala ndi mbale wake pafupi womudyetsa moleza mtima.